Ku Lilongwe kupita ku Joni pa ndege: ndi maola angati kwenikweni?

Mayi wina wokhala ku Kempton Park, kufupi ndi Joni, wanditumizira imelo. Akufuna kuitanitsa amayi ake kuchokera ku Lilongwe, koma matikiti amusokoneza: ina ikuti ulendowu ndi wa maola awiri ndi theka, ina pafupifupi anayi, ina mpaka kugona panjira. Akufunsa kuti mtunda wake ndi wotani, nanga tikiti yonena zoona ndi iti.

Achemwali, matikiti onsewo sakunama. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la O.R. Tambo ku Joni ndi makilomita pafupifupi 1,500 mukadutsa molunjika mumlengalenga. Ndege yothamanga makilomita 800 pa ola ikhoza kumaliza mtundawu maola awiri asanakwane. Koma nthawi ya pa tikiti imayamba pomwe ndege yasuntha pamalo oimikapo, ikuyenda pang'onopang'ono kupita pamsewu wonyamukira. Muwonjezepo kukwera, kutsika, ndi kudikira mpata wotera, popeza bwalo la ku Joni ndi lotanganidwa kwambiri. Maola awiri ndi theka aja amachokera pamenepo.

Ya maola anayiyo, yang'anani bwino, mupeza kuti ndegeyo ikuyamba yatera ku Chileka ku Blantyre kukatsitsa ndi kukweza anthu. Si vuto kwenikweni, kungoti munthu wamkulu amatopa ndi kunyamuka kawiri ndi kutera kawiri, makutu ali gwa.

Yachitatuyo ndiye ndikukanizani. Imeneyo ndi yodzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, kutanthauza kuti amayi ayamba alowera kumpoto kaye asanabwerere kummwera. Kukafika ku Addis kokha ndi mtunda wautali kuposa wa ku Joni komwe akupitako. Ngakhale itatchipirako, kusiya munthu wachikulire yemwe Chingerezi chimamuvuta akusakasaka geti pa bwalo lachilendo usiku, ayi ndithu. Ndalama mwapulumutsayo idzathera pa mafoni ofunsa kuti afika pati.

Tsiku la ulendo musawerengere maola a m'ndege okha. Ku Lumbadzi ndi kunja kwa tauni, makilomita oposa 20, ndipo ayenera kufika kudakali maola awiri kapena atatu kuti apimitse katundu ndi kudinditsa pasipoti. Akatera ku Joni palinso mzere wa a imigireshoni, kenako kudikira chikwama pa lamba. Mukaphatikiza zonsezi, kuchoka pakhomo kukafika kwanu ndi maola 7 kapena 8. N'zochepabe poyerekeza ndi basi yodzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, yomwe imadya tsiku lathunthu ndi kupitirira.

Wotchi asasinthe, nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzimodzi. Muwalembere adiresi yanu ndi nambala ya foni papepala aike m'pasipoti, chifukwa a imigireshoni amafunsa komwe munthu akukafikira.