Musanapite nayo foni kokaflashitsa, mayi, ndimvereni kaye

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 amene amagulitsa zitenje ndi nsapato za kaunjika kudzera pa foni. Akuti app imene amaikapo katundu wawo ikumadzitseka yokha akangoti aikepo chithunzi, ndipo papita sabata ziwiri zikuchitika zomwezo. Mlamu wawo wawauza kuti apite nayo foni m'tauni akaiflashitse, ndiko kufufuta zonse za m'foni n'kuikamonso pulogalamu yake mwatsopano. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi ndipite, kapena kuliko kokadandaula?"

Mayi, musapite kaye. Ndachedwa kukuyankhani masiku atatu chifukwa mawu akuti kuflasha aja atukula chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola.

Amayi anga ankakhala kumudzi, mbali za ku Mitundu. Kulemba pa foni sankakonda, maso anali atayamba kale kuvuta. Mdzukulu wawo ndi amene anawaphunzitsa kudina pakachizindikiro ka maikolofoni n'kumayankhula, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yanga sinkagona ndi njala. Uthenga uliwonse ankauyamba ndi mawu akuti, "Kodi ukundimva?" ngati kuti ndili kumbali inayo ndikudikira. Kenako nkhani zinkatsatana: mvula yagwa usiku wonse, mbuzi yaswa awiri, feteleza wachedwa, a Nabanda amwalira ndipo maliro ndi mawa, usamaiwale kupemphera. Nthawi zina ankaiwala kuti akujambula, ndiye ndinkamva tambala akulira, mbale zikugundana, iwo akukalipira nkhuku. Mauthenga amenewo anali ochuluka, a zaka ziwiri ndi miyezi. Atamwalira, ndinkawamvera m'minibasi popita kuntchito, kuchokera ku Kawale mpaka ku depoti.

Patapita miyezi iwiri chiikireni maliro, app imene munali mauthengawo inayamba kuvuta. Ndikaitsegula inkaonetsa sikirini yoyera, kenako n'kundibwezera kunja. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso kambirimbiri, osatheka. Mtima unali m'mwamba. Loweruka m'mawa ndinapita m'tauni, kumabenchi a anyamata okonza mafoni. Mnyamata amene ndinamupeza anali waulemu, ndipo sindimusungira mangawa. Anaiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, iyi ndi vairasi, tingoiflasha." Anandifunsa ngati munali zofunika. Ndinayankha kuti zithunzi zili mu memori khadi, ndaichotsa kale. Sindinadziwe kuti mauthenga a mawu aja ankakhala m'kati mwa foni yeniyeniyo, osati mu khadi. Backup, yosunga kope ya mauthenga pa intaneti, ndinali nditaizimitsa kalekale pofuna kupulumutsa bundle.

Ola lisanathe foni inabwera ili mbee, ngati yangotuluka m'katoni. Tinaikamonso app ija, ndipo titaitsegula inadzitsekanso chimodzimodzi. Vuto silinali la foni yanga. Patapita masiku atatu eni app anatulutsa update, app yomweyo yokonzedwanso, ndinaiika, zonse zinayamba kuyenda. Ndinathamangira kumudzi kukaona foni ya mdzukulu uja, koma iye anali atafufuta zakale zonse chifukwa malo ankamuchepera. Mawu a amayi anga ndilibenso, ngakhale amodzi.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akuuzidwa kuti akaflashitse foni chifukwa app imodzi yavuta, thupi limachita tsembwe. Kuflasha ndi kugwetsa nyumba yonse chifukwa chitseko chimodzi chikuvuta. Ilipo nthawi yake, monga foni ikamakana kuyaka n'komwe, koma kukhale komaliza, munthu atasamutsa kale zake zonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chizolowezi chathu chodziimba mlandu tokha. App ikavuta, mawu oyamba kutuluka pakamwa ndi akuti, "Kafoni kangaka n'kotchipa," kapena "Ndine wosaphunzira, mwina ndadina polakwika." Sitiganiza n'komwe kuti amene analemba pulogalamuyo ndi anthu, ndipo amalakwitsa ngati mmisiri wina aliyense. Telala akasoka diresi mkono umodzi waufupi, simunena kuti mkono wanu ndi umene watalika. Mumabwerera nayo. Nanga bwanji app ikabwera yopotoka timangoti zii, n'kumadzimvera chisoni?

Taganizirani kumene ma app amenewa amapangidwira. Anthu ake ambiri amakhala ndi mafoni amphamvu, malo osungira zinthu ochuluka, intaneti yosadukiza, magetsi osathima. Ife kuno ambiri tili ndi itel kapena Tecno ya mphamvu yochepa, ya RAM ya 1GB kapena 2GB, yodzaza ndi mavidiyo a m'gulupu ya mpingo, ya banki m'khonde ndi ya kubanja. Netiweki imatha kukhala 4G pamsewu, ukangolowa m'nyumba yatsika kufika pa 3G, ukapita kuseri yalemba E. Cholakwika chimene chimaoneka pokhapokha foni ikakhala yodzaza, netiweki n'kuduka chithunzi chili pakati pokwera, iwo akhoza osachiona chaka chonse. Makampaniwa amadziwa kuti tilipo. Facebook Lite inatuluka mu 2015 chifukwa cha anthu a mafoni ang'onoang'ono ndi intaneti yofooka ngati ife. Koma kudziwa kuti tilipo n'kosiyana ndi kuona zimene zikuchitika m'foni ya mayi wa ku Area 25 Lachiwiri madzulo. Zimenezo angazidziwe bwino mayiyo akanena.

Ndipo ndikunenetsa: kulemba pa Status kuti "app iyi yanditopetsa" sikudandaula. Kutukwana m'makomenti sikudandaula. Kungolemba kuti "sikugwira" n'kutumiza, nakonso n'kutaya nthawi. Mukapita kuchipatala n'kungoti "ndikudwala," adokotala amakufunsani kuti zayamba liti, pakupweteka ndi pati, munadya chiyani. Wokonza pulogalamu nayenso sangakonze chinthu chimene sangathe kuchichititsanso pamaso pake. Ntchito yake yoyamba ndi kutsatira mapazi anu, kudina pamene munadina, pa foni yonga yanu, mpaka app igwe m'manja mwake. Ikagwa, wapeza poyambira. Lipoti labwino ndi limene limamulondolera njira imeneyo.

Pali nthawi zinanso pamene vuto silikhala la foni kapena la app imene ili m'foni mwanu, koma la kutali kwambiri. Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6. Kuno kunali kuyambira chakumadzulo mpaka pakati pa usiku. Ndikukumbuka anthu a m'dera lathu akuchotsa ma SIM n'kumawapukuta pamalaya, ena akugulanso bundle yachiwiri poganiza kuti yoyamba yatha. Mu May 2024 zingwe za intaneti za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo maiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, anavutika masiku angapo. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, intaneti yathu imadzera m'maiko oyandikana nawo, ndiye chingwe chikaduka kutali ife timamva kuwawa kuno. Masiku ngati amenewo palibe chimene wokonza mafoni angachite. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani mnansi kaye ngati yake ikugwira.

Pali china chimene sindingachidumphe, ngakhale simunandifunse. Ambiri a ife app sitimaitenga ku Play Store. Timapatsana pa Xender kapena pa Bluetooth, chifukwa bundle yotchipa ya WhatsApp kapena ya Facebook sifika ku Play Store. Zifukwa zake ndikuzimvetsa, ndalama ikuvuta. Koma app yopatsana imatha kukhala yakale ndi chaka, kapena yopangidwira foni ya mtundu wina, ndipo imakhala osalandira update mwini wake osadziwa. Ena amaika zosavomerezeka ngati GB WhatsApp chifukwa zimaonetsa mauthenga ofufutidwa. Zimenezo eni WhatsApp amaletsa, ndipo nambala yanu ikhoza kutsekedwa. Kwa munthu amene makasitomala ake onse ali pa nambala imodzi, kutsekedwa kotero ndi kutseka shopu. Komanso ikavuta app yoteroyo mulibe kokadandaula, chifukwa amene anaipanga sadziwika.

Chenjeraninso ndi anthu amene amabwera ku inbox mukangodandaula pagulu. Amadzitchula kuti ndi a kampani, amayankhula mokoma, kenako amati muwatumizire manambala 6 amene abwera pa SMS. Manambala amenewo ndi kiyi wa akaunti yanu. Mukawapatsa, mawa lake akuyamba kupempha ndalama abale anu m'dzina lanu. Wa kampani weniweni sangakufunseni manambala amenewo, ngakhale PIN yanu.

Zoti muyese muli pakhomo

Popeza app yanu ikugwa pa zithunzi pokha, ine ndikukayikira zinthu zitatu: malo atha m'foni, app ndi yakale, kapena update yatsopano inabwera ndi cholakwika. Yambani ndi backup, ndipo zithunzi za katundu ndi mauthenga ofunika muzikopere mu memori khadi kapena pa kompyuta ya munthu amene mumamukhulupirira. Mukatero onani malo otsala pa Settings, pa Storage. Ngati atsala ochepa, fufutani mavidiyo a m'magulupu mpaka patsale 1GB kapena kuposa. Gulani bundle ya intaneti yonse, ngakhale yaing'ono, mulowe ku Play Store muone ngati pali update. Kenako pitani pa Settings, pa Apps, musankhe app yanuyo, pa Storage, mudine Clear cache. Apa samalani kwambiri: pafupi pomwepo pali Clear data, kapena Clear storage m'mafoni ena. Cache ndi zinyalala za pabwalo, kusesa sikuononga kanthu. Data ndi katundu wa m'nyumba. Mukadina pamenepo app imakutulutsani, ndipo m'ma app ena mauthenga amapita. Onaninso pa Permissions ngati app ili ndi chilolezo choona zithunzi, komanso ngati tsiku ndi nthawi za foni zili zolondola. Pomaliza yesani chithunzi china chaching'ono, yesani kujambula chatsopano m'malo motenga mu Gallery, yesani pa SIM ina kapena pa Wi-Fi. Chilichonse chimene chasintha, lembani pakapepala.

Zikakanika, kapepala kameneko ndiye lipoti lanu. Pa Facebook malo ake ali pa Menu, pa Help & support, pa Report a problem, ndipo m'mafoni ambiri mukhoza kungoigwedeza foni app ili yotsegula, bokosi lodandaulira limatuluka. Pa WhatsApp ndi pa Settings, pa Help. Ma app ena onse ali ndi imelo ya eni ake patsamba lawo la ku Play Store. Mulembe mtundu wa foni, nambala ya Android imene ili pa About phone, nambala ya version ya app, tsiku limene vuto linayamba, ndi zimene mumadina motsatana mpaka app idzitseke. Muikepo screenshot, chithunzi cha sikirini, koma mubise manambala a makasitomala. Chingerezi chophweka chikwanira, mwana wa Fomu 2 akhoza kukuthandizani kulemba. Mwina sadzakuyankhani inuyo panokha, ndipo musakhumudwe nazo. Malipoti ofanana akachuluka kuchokera ku mafoni a mtundu umodzi, m'pamene vutolo limakwera pamndandanda wa zokonza. Ngati amayi anzanu a bizinesi akuona zomwezo, aliyense atumize lake.

Mukapeza kuti pa Wi-Fi zikuyenda koma pa SIM zikukana, ndiye kuti nkhani ndi ya netiweki kapena ya bundle, ndipo oyenera kuwafunsa ndi a kampani ya foni yanu, kaya ndi Airtel kaya TNM. Madandaulo a mtundu umenewo akapanda kumveka, bungwe la MACRA ndi limene limayang'anira makampani a mafoni m'dziko muno.

Pakali pano katundu asagone m'chikwama. Ngati app yanuyo ili ndi tsamba la pa intaneti, tsegulani Chrome mulowe akaunti yanu kumeneko, nthawi zambiri zithunzi zimakwera ngakhale app ikukana. Ngati ili ndi mtundu wa Lite, ikani umenewo pambali. Mwezi ukutha, anthu alandira, zitenje zija ziyenera kuoneka Loweruka lisanafike. Mukayesa mundilembere, mundiuze mtundu wa foni yanu ndi pamene zasinthira. Alamu anuwo muwathokoze chifukwa cha malangizo, koma foni isachoke m'manja mwanu musanakopere mawu a anthu anu onse.