Kodi tingayambe kutseka nyengo za timesheet mapulojekiti ali mkati?

Akonzi,

Ndine mmodzi wa oyang'anira mapulojekiti pakampani yathu, ndipo maola amene antchito agwira timawalemba pa timesheet (fomu ya maola) mu Microsoft Project Server, pulogalamu ya pa seva yoyendetsera mapulojekiti. Mpaka pano woyang'anira aliyense amakonza yekha maolawo mu Project Professional, pulogalamu ya pakompyuta yotsegulira fayilo ya pulojekiti, koma a ku ofesi ya zachuma akufuna kuti tiyambe kugwiritsa ntchito managed periods. Mapulojekiti athu anayi ali mkati. Kodi tingasinthe lero, kapena tidikire kuti athe kaye?

Wowerenga wodera nkhawa

YANKHO

Musadikire kuti onse athe, chifukwa ina ikamatha ina imakhala itayamba kale, ndipo mudzapezeka kuti chaka chadutsa musanasinthe kanthu. Komabe musasinthe lero.

Managed periods ndi nyengo zoikika, kawirikawiri za sabata imodzi, zimene woyang'anira seva amatsegula ndi kutseka. Nyengo ikatsekedwa, wantchito sangalembemonso maola, ndipo maola amene analembedwa kale amatetezedwa kuti inu oyang'anira musawasinthe mu fayilo ya pulojekiti. Mu Project Server 2003 munthu ankasankha pakati pa Managed Periods ndi Non Managed Periods, pomwe m'mapulogalamu a 2007 ndi 2010 nyengozi zinkakonzedwa pansi pa Server Settings. A zachuma ali ndi chifukwa chomveka: maola amene alipiritsa nawo kasitomala sayenera kusintha mabuku a mwezi atatsekedwa. Ku America, lamulo la Sarbanes-Oxley la 2002 linachititsa makampani ambiri kukhwimitsa kasungidwe ka zolemba zotere.

Chimene ndikuona kuti chidzakuvutitsani kwambiri ndi kalembedwe ka ntchito imene yagwiridwa. Pulogalamuyi ili ndi njira zitatu: kupereka peresenti ya ntchito yomwe yatha, kupereka maola onse ogwiridwa pamodzi ndi otsala, kapena kulemba maola a tsiku lililonse kapena sabata iliyonse. Yachitatu yokhayo ndiyo imagwirizana ndi nyengo zotsekedwa. Tiyerekeze kuti ntchito ndi ya maola 40 ndipo wantchito wanena kuti wafika pa 50 peresenti. Kompyuta imatenga maola 20 n'kuwagawa yokha pamasiku oyambirira a ntchitoyo motsatira kalendala, ngakhale kuti munthuyo mwina anawagwira onse Lachinayi ndi Lachisanu la sabata ina. Mukatseka nyengo zakale manambala ali chonchi, mudzakhala mwakhomera loko pamaola amene kompyuta inangoganizira, ndipo a zachuma adzawawerenga ngati enieni. Choncho auzeni mwa kalata tsiku lenileni limene maola odalirika akuyambira.

Tsikulo likhale loyamba la sabata ndipo ligwirizane ndi chiyambi cha mwezi wa zachuma. Lisanafike, antchito onse atumize maola awo otsala, oyang'anira awavomereze, kenako mapulojekiti onse anayi asindikizidwe pa seva. Sungani kope la database (nkhokwe ya zolemba zonse za pa seva), ndipo ngati muli ndi seva yoyeserera, yesani kusinthako kumeneko poyamba. Pokonza nyengo, pangani za chaka chonse, zokwana 52, osasiya tsiku lopanda nyengo yake, popeza wantchito sadzapeza polemba maola a tsiku loterolo. Mayina ndi masiku ake muwaganizire bwino musanatsegule, chifukwa nyengo imene anthu alembamo kale maola siifufutika wamba.

Ambiri amaiwala kugwirizana za amene adzakhale ndi mphamvu yotsegulanso nyengo yotsekedwa, chonsecho zolakwika sizidzalephera kuchitika, ndipo oyang'anira amene anazolowera kukonza okha adzadandaula ndithu m'masabata oyamba. Maganizo anga ndi akuti mphamvuyo ikhale ndi munthu mmodzi kapena awiri, pempho lililonse lizilembedwa pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo sabata yomwe yangotha muziisiya yotsegula mpaka Lachitatu lotsatira kuti odwala ndi amene anali paulendo apeze mpata wolemba maola awo.