Kodi m'kati mwa piramidi muli chiyani? Yankho kwa mayi amene akupita ku Cairo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, namwino, amene akupita ku Cairo kukachita maphunziro a milungu iwiri. Dzina lawo ndalisunga. Mwachidule analemba kuti: "Tidzakhala ndi masiku awiri opuma ndipo anzanga akufuna tikalowe m'piramidi. Ine ndili ndi zaka 54, bondo lakumanzere limandivuta, komanso ndikakhala pamalo opanikizika ndimabanika. Kodi m'katimo muli chiyani choti ndivutikire? Golide ndi mitembo ya mafumu ija tikaiona? Nanga zoti wolowamo amatembereredwa n'zoona?"

Zikomo mayi polemba. Ndiyambe ndi chimene chingakukhumudwitseni, kuti musakachimvere komweko mutagula kale tikiti. M'mapiramidi atatu akuluakulu a ku Giza, m'mphepete mwa mzinda wa Cairo, mulibe golide, mulibe mtembo, ndipo makoma ake alibe zojambula. Ndi mwala wokhawokha. Akuba anaseseratu zonse kalekale. Chigoba chankhope chagolide chimene mumachiona pa zithunzi ndi cha Tutankhamun, ndipo iyeyo sanaikidwe m'piramidi ayi. Manda ake anagobedwa m'thanthwe pafupi ndi Luxor, kutali kummwera, ndipo Howard Carter, katswiri wofukula zakale wa ku England, anawapeza mu 1922. Mfumu imeneyi inalamula patadutsa zaka zoposa 1,200 chimwalirire Khufu, mwini piramidi yaikulu ija. Chuma chake mukachiona ku Grand Egyptian Museum, pafupi ndi mapiramidi pomwepo. Mitembo youmitsidwa ya mafumu ili ku National Museum of Egyptian Civilization, komwe anaisamutsira mu 2021.

Za temberero tisatayepo nthawi. Mphekesera imeneyi inakula mu 1923 pomwe Lord Carnarvon, amene ankalipirira ntchito ya Carter, anamwalira patangopita miyezi yochepa manda aja atatsegulidwa. Udzudzu unamuluma patsaya, anadzicheka pomwepo pometa ndevu, bala linalowa matenda mpaka magazi anaipa. Monga namwino mukudziwa momwe zoterezi zinkathera kale mankhwala opha tizilombo asanabwere. Carter mwiniwake anakhala ndi moyo mpaka 1939.

Chimene muyenera kuchiganizira kwambiri ndi bondolo, ndiye ndikufotokozereni ulendo wa m'piramidi ya Khufu monga ndinauyendera ine.

Tikiti yolowera pamalopo ndi ina, yolowera m'kati mwa piramidi ndi inanso. Mumalowera mbali ya kumpoto mutakwera mizere ingapo ya miyala. Khomo lenileni la amisiri lili pamwambapo, mamita pafupifupi 17 kuchokera pansi, ndipo n'lotseka. Polowera alendo masiku ano ndi mpita umene amati unabooledwa ndi anthu a Caliph al-Ma'mun, wolamulira wa Asilamu wa ku Baghdad, m'zaka za m'ma 800, pofunafuna chuma. Poyamba mumayenda choongoka, makoma ali okumbikakumbika ngati phanga, ndipo mumayamba kuganiza kuti anthu amangokokomeza. Kenako mumakwera masitepe ochepa n'kufika pakamwa pa kanjira kokwera.

Kanjira kameneka n'kotalika mamita 39, koma kuchokera pansi kufika kudenga ndi mita imodzi ndi masentimita 20 basi, m'lifupi mita imodzi. Mumalowa chowerama ngati munthu wolowa m'khola la mbuzi, ndipo mumakhala choncho mpaka kumapeto, uku mukukwera chitunda. Pansi anayalapo matabwa n'kukhomapo timitengo topingasa toti phazi lizigwira, m'mbali muli zogwirira. Magetsi alimo. Vuto ndi lakuti otsika nawonso amadzera momwemo. Mukakumana, wina amadziphatika kukhoma kuti mnzake adutse, ndipo pakadzaza anthu mumaima chowerama kudikira. Mpweya ndi wofunda, wonyowa ndi kupuma kwa anthu. Ine ndinalowa m'mawa m'mwezi wa February, kunja kukuzizira, koma pofika pakati pa kanjirako malaya anali atamatirira kumsana, thukuta lili kamukamu. Patsogolo panga panali bambo wina wachikulire amene anaima, n'kunena modekha kuti iye wabwerera. Tonse tinamupatsa mpata, palibe anamuseka.

Mukapirira pamenepo, mwadzidzidzi denga limathawa. Mumaongola msana n'kupeza muli pansi pa khonde lalitali lokwera limene amalitcha Grand Gallery, mamita pafupifupi 47 m'litali ndi mamita oposa 8 kupita m'mwamba. Apa ndinaima kakasi. Makoma awiriwo akamakwera amanka nayandikana: mzere uliwonse wa miyala unasendezedwa m'kati pang'ono kuposa wapansi pake, kasanu ndi kawiri, mpaka kudenga kwatsala mpata wokwana mita imodzi. Anachita dala kuti kulemera kwa phiri lonse la miyala lili pamwambalo kuzigawikira m'mbali. Ntchito imeneyi inagwiridwa zaka pafupifupi 2,560 Yesu asanabadwe, ndi anthu amene zida zawo zinali za mkuwa, za mwala, zingwe ndi mitengo.

Pamwamba pa khondelo mumaweramanso, ena amakwawa kumene, mamita ochepa, kenako mwalowa m'chipinda cha mfumu. Ndi chipinda cha mamita 10 ndi theka m'litali, oposa 5 m'lifupi, kutalika pafupifupi mamita 6. Anthu ambiri amangomwaza maso, n'kufunsa kuti "basi?", n'kutuluka pasanathe mphindi ziwiri. Ndimawamvera chisoni, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Makoma, pansi ndi denga zonse ndi mwala wa granite wofiirira wochokera ku Aswan, makilomita oposa 800 kummwera, umene unabwera pa ngalawa mumtsinje wa Nile. Denga ndi miyala 9 yokha yogonekedwa chopingasa, uliwonse wolemera matani makumimakumi, ndipo inakwezedwa mamita oposa 40 kuchokera pansi. Ine ndinayendetsa chala pamene miyala iwiri ya khoma yakumana, ndikuyesa kulowetsapo chikhadabo. Chinakana.

Chakumadzulo kwa chipindacho kuli bokosi la maliro la mwala, lopanda chivundikiro, ngodya imodzi yobenthuka, m'kati muli mbee. Bokosi limeneli n'lalikulu pang'ono kuposa kanjira kamene mwadzera kaja, kutanthauza kuti analiika pamalo pake piramidi ili m'kati momangidwa, n'kumanga chipinda molizungulira. Gulu limene ndinalowa nalo litatuluka tinatsala anthu atatu, kuli zii. Mmodzi anang'ung'udza kanyimbo chapansipansi, ndipo mawuwo anadzaza chipinda chonse mpaka ndinawamva m'chifuwa.

Chimene munthu amakaona mmenemo ndi manja a amisiri, ndipo kwa ine n'chokwanira. Pamwamba pa dengalo pali tizipinda tisanu tosanjikizana, toteteza chipinda cha mfumu kuti chisaphwanyike. Alendo saloledwa kufikako. Tinayi mwa ito anatitulukira Howard Vyse mu 1837, pophulitsa miyala ndi onga, ndipo m'katimo anapeza malemba a utoto wofiira amene magulu a antchito analemba pa miyala, okhala ndi dzina la Khufu. Mu 2013, ku Wadi al-Jarf m'mbali mwa Nyanja Yofiira, gulu la Pierre Tallet linapeza mapepala a gumbwa olembedwa ndi kapitawo wina dzina lake Merer. Ankalemba tsiku ndi tsiku za maulendo a ngalawa yake, kutenga miyala yoyera ku Tura, tsidya lina la Nile, kukatula ku Giza. Ndi buku la ntchito chabe, longa la kapitawo aliyense, koma la zaka 4,500 zapitazo.

Ndidutsireko pang'ono apa, chifukwa ambiri timakula tikumva kuti mapiramidi anamangidwa ndi Aisraeli ali pa ukapolo. Buku la Eksodo limanena za kuumba njerwa ndi kumanga mizinda yosungiramo zinthu ya Pithom ndi Rameses, silitchula piramidi. Omanga a ku Giza anali Aiguputo. Mudzi wawo unafukulidwa chakummwera kwa mapiramidiwo, muli mophikira buledi ndi mafupa ambirimbiri a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zimene ankadya. Manda awo anapezeka mu 1990. Ichi chikusangalatsani inu: mafupa a ena mwa antchitowo akuonetsa kuti anathyoka n'kulumikizidwa bwino mpaka kupola. Analipo amene ankawasamalira.

Tsopano maganizo anga pa inuyo. Musayambe ndi Khufu. Kukwera n'kowawa, koma chimene chimapha bondo ndi kutsika, pomwe thupi lonse limatsamira pa bondo lopinda kwa mamita onse aja. Ine, wopanda vuto la mawondo, ntchafu zinandiwawa masiku awiri. Tsiku loyamba auzeni anzanuwo mupite ku Saqqara, makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa Cairo. Kumeneko kuli piramidi ya mfumu Djoser, yamasitepe asanu ndi limodzi, yakale kuposa onse, imene amati anaikonza ndi nduna yake Imhotep. Inatsegulidwanso mu 2020 itakonzedwa kwa zaka zambiri. Khomo lake la kummwera lili ndi njira yotakasuka yoyenda choongoka, ndipo imakufikitsani pamphepete pa dzenje lakuya mamita 28, pansi pake pakuoneka manda a granite a mfumuyo.

Koma chimene ndikufunitsitsa kuti mukaone chili chapafupi pomwepo. Ndi piramidi ya Unas, mfumu yomaliza ya mzera wachisanu wa mafumu a ku Iguputo, ya zaka pafupifupi 2,350 Yesu asanabadwe. Kunja kwake simungaiyang'ane kawiri, inagumuka n'kukhala ngati chulu chachikulu cha miyala ndi mchenga. Kanjira kotsikira n'kakafupi, mumawerama pang'ono chabe. Mukangoongoka, pafupifupi makoma onse ali ndi malemba kuyambira pansi mpaka pamwamba, mizere yotsika yogobedwa bwinobwino, ina ikadali ndi utoto wa buluu ngati madzi akuya. Mumatha kuzindikira kadzidzi, bango, njoka, phazi la munthu. Kudenga kuli nyenyezi zokhazokha. Iyi ndi piramidi yoyamba kulembedwa mawu m'kati, ndipo katswiri wofukula zakale wa ku France, Gaston Maspero, analowamo mu 1881. Mawuwo ndi mapemphero ndi matamando operekeza mfumu: kuidzutsa, kuipatsa buledi ndi mowa, kuiteteza ku njoka, kuikweza kumwamba kwa nyenyezi za kumpoto zimene sizilowa. Pena amaiuza mfumuyo kuti sinachoke ili yakufa, yachoka ili yamoyo. Ndinawerenga tanthauzo la mawu amenewo ndisanapite, ndipo nditaima pafupi ndi bokosi lake lakuda ndinamva ngati ndafika pa maliro a munthu amene abale ake ankamukonda. Pitani m'mawa, kusanatenthe ndiponso magulu a alendo asanachuluke.

Kwa Unas n'komwe mukadziyese. Mukakatuluka bondo lili bwino, mtima sunathamange, ndiye kuti mawa lake mutha kuyesa Khufu, mukalowe m'gulu loyamba akangotsegula. Mukakaona kuti ngakhale kanjira kakafupi kaja kakubanikitsani, mwadziwa yankho musanawononge ndalama.

Anzanuwo mwina adzafuna kupitirira mpaka ku Dahshur, makilomita ena pafupifupi 10, komwe kuli mapiramidi awiri a Sneferu, bambo ake a Khufu: ina amaitcha yofiira, ina yopindika. Pitani nawo, malowo ndi abata ndipo anthu amakhala ochepa. Koma m'kati inu musalowe. M'piramidi yofiira mumatsika chowerama mamita oposa 60, ambiri amatsika chafutambuyo, ndipo pansipo pali fungo lobaya m'mphuno longa la mkodzo wa mileme. Yopindika ija, imene amisiri anaisintha kapendekedwe ali pakati pomanga, inatsegulidwa kwa alendo mu 2019, ndipo kanjira kake n'ka mamita 79, kovuta kuposa tonse. Achinyamata alowe, inu mukaizungulire kunja, chifukwa ndi yokhayo imene ikadali ndi miyala yambiri yosalala yokutira kunja, ndiye mukaona momwe mapiramidi onsewa ankaonekera ali atsopano.

Valani nsapato zogwira pansi, thalauza kapena chovala choti muweramire momasuka. Chikwama chakumsana siyirani amene watsala kunja, chimakoka kudenga. Imwani madzi musanalowe. Ngati muli ndi mphumu kapena BP, mankhwala akhale m'thumba. Kukwera piramidi kunja n'koletsedwa ndi lamulo, wina asakunyengeni. Wokukwezani ngamila kapena wokujambulani mugwirizane naye mtengo musanayambe.

Mukasankha kudikira anzanu kunja kwa piramidi ya Khufu, kakhaleni mbali ya kumpoto ndipo mukweze maso pamwamba pa khomo lotseka lija. Mukaona miyala ikuluikulu yotsamirana iwiriiwiri ngati denga la nyumba. Kuseri kwake kuli kanjira kotalika mamita 9 kamene palibe ankakadziwa. Akatswiri a gulu lofufuza m'kati mwa mapiramidi lotchedwa ScanPyramids anakazindikira poyeza tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa muon, timene timagwa kuchokera kumlengalenga n'kudutsa m'miyala, ndipo mu 2023 analowetsa kakamera kakang'ono pampata wa miyalayo n'kukajambula. M'katimo ndi mopanda kanthu, denga lake losongoka, ndipo chitsekereni amisiri a Khufu simunapondemo phazi la munthu.