Mbewa za lurcher: ma receptor achepa kapena maselo ndi amene afa?

Mwa maimelo a sabata ino muli ya mchemwali wina amene akupanga masters, akuti akuwerenga za cerebellum (mbali ya ubongo yothandiza thupi kuyenda bwino) ya mbewa za lurcher, zomwe zimabadwa ndi jini ina yosokonekera, ndiye akufunsa ngati jini yosokonekerayo ndi imene imachepetsa ma glutamate receptor (mapuloteni olandira glutamate, chotumizira uthenga pakati pa maselo a ubongo) mmenemo.

Achemwali, choyamba onani kuti mbewazo zinali ndi masiku angati pomwe amaziyeza, nkhani yagona pamenepo. Cerebellum ya mbewa imakula kwambiri mbewayo itabadwa kale, masabata atatu oyambirira, ndipo ma receptor amasintha ngakhale mbewa ili bwinobwino, mwachitsanzo ma granule cell (timaselo tating'ono tambirimbiri ta mu cerebellum) amayamba ndi chigawo cha receptor chotchedwa NR2B koma akakhwima chigawo china, NR2C, ndi chimene chimachuluka.

Tsono lurcher, mbewa yoyenda modzandira ija, anaifotokoza ku England mu 1960 koma gwero lake linadziwika mu 1997 pomwe Jian Zuo ndi anzake mu labu ya Nathaniel Heintz ku Rockefeller anapeza kuti vuto lili mu jini ya Grid2 imene imapanga GluD2, puloteni ya m'gulu la ma glutamate receptor yokhala ndi channel (khomo lolowera ma ion mu selo), mu ma Purkinje cell, maselo akuluakulu a mu cerebellum. Amino acid imodzi yokha basi, alanine kusanduka threonine, channel ija imangokhala yotsegula ngati mpopi wokana kutseka, ma ion nkumalowa osaleka, ma Purkinje nkuyamba kufa sabata yachiwiri mpaka kutsala ochepa zedi, kenako ma granule pafupifupi 90% amawatsatira poti asowa polumikiza. Ndiye mukagaya cerebellum ya lurcher yaikulu nkupeza ma receptor ochepa, musathamangire kunena kuti jini yazima, maselo ake omwewo kulibe. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amasochera ndipo zimandikhudza chifukwa thesis yonse imatha kumangidwa pa cholakwika chimenechi.

Yerekezani ndi hotfoot, mtundu wina wa mbewa za vuto mu jini yomweyo, koma uko GluD2 sikugwira ntchito, ma Purkinje ambiri amakhalapobe, chimene chimachepa ndi ma synapse a parallel fibre, malo amene ulusi wa ma granule cell umalumikizana ndi ma Purkinje. Zikumveka ndithu, poti GluD2 dzina lokha ndi la glutamate koma glutamate saitsegula, ntchito yake yaikulu ndi kugwirana ndi mapuloteni otchedwa Cbln1 ndi neurexin kuti synapse imangike.

Ine ndikanakhala inu ndikanasankha mapepa amene anayeza sabata yoyamba maselo asanayambe kufa, ogwiritsa in situ hybridization kapena immunostaining kuti muone selo lililonse palokha, komanso oyerekeza ndi mbewa zobadwa nazo limodzi. Ndipo onetsetsani kuti akunena za Lc/+ (mbewa zotengera jini yosokonekerayo kwa kholo limodzi), chifukwa za Lc/Lc (zotengera kwa makolo onse awiri) zimafa zikangobadwa.