Musagule kaye alitaneta, yezani batire m'mawa

Achimwene, ndawerenga zomwe mwalemba, kuti munagula batire latsopano la Ractis yanu mwezi wathawu, m'mawa ku Ulongwe injini ikulira kamita koyezera moto wa batire kakuwonetsa ma volts 14.5 koma mukafika ku Tete masana kakutsika mpaka 13.7, ndiye masiku awiri galimoto yavuta kulira m'mawa ndipo amakaniko akuti alitaneta, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, yafa mugule ina. Ine ndikuti gwirani kaye ndalama zanuzo.

Manambala awiri mwatchulawo alibe vuto, onse ndi abwino. Injini ikamalira, alitaneta yamoyo imapereka pakati pa 13.5 ndi 14.7 volts, nde inu muli mkati momwemo. Kutsikako ndi ntchito ya regulator, kachipangizo kamene kali mu alitaneta momwemo. Batire likazizira limafuna moto wokwera kuti litchajike, likatentha limafuna wochepa, apo ayi madzi ake amawira. Tsono taganizani, mwanyamuka ku Angonia kukuzizira mutavala juzi, mwatsika pa Mussacama, Moatize, kufika pa mlatho wa Samora Machel dzuwa lili pamutu, muja mwa Tete mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, komanso batire lakhala likutchajika ulendo wonse wa makilomita oposa 200. Likanakhala likulandirabe 14.5 pamenepo ndikanada nkhawa ineyo. Chowopsa ndi mukaona 15 kupita m'mwamba, batire kutentha, kutupa m'mbali, kununkha ngati dzira lovunda, apo regulator yapita ndipo idya batire lililonse lomwe muikepo. Kapena mukaona 12 ndi kanthu injini ili kulira, ndiye kuti sikutchaja. 

Nambala yomwe simunatiuze ndi imene ili ndi yankho. Galimoto igone usiku wonse, m'mawa musanalize, musanayatse chilichonse, ikani kamita pa mitu ya batire. Lodzaza bwino limawonetsa 12.6, pa 12.4 latsikako, 12.2 ndi theka, 12.0 ndiye latsala pang'ono kutheratu. Kenako wina alize inu maso pa kamita, pomwe sitata ikuzungulira nambala isagwe kupitirira 9.6. Ikagwa mpaka 8 kapena 7 chonsecho linali pa 12.6, batirelo ndi lofooka ngakhale lili latsopano, bwererani nalo komwe munagula risiti ili m'manja. Mabatire ena amakhalitsa pa shelefu kutentha konseku mpaka kuwonongeka asanagwire ntchito n'komwe, n'chifukwa chake pogula muzifunsa tsiku lomwe linapangidwa ndipo aliyeze pamaso panu.

Mukapeza kuti madzulo linali lodzaza koma m'mawa lili pa 12.1, pali china chikuba moto usiku. Chitani chonchi, madzulo masulani mutu wa minus, lisiyeni choncho, m'mawa yezani. Likakhala lili pa 12.6 batire ndi labwinobwino, wakuba ali m'galimoto. Kawirikawiri ndi wailesi kapena amplifaya yomwe anyamata analumikiza molunjika ku batire, alamu, kagetsi ka m'buti kosazima, tchaja ya foni yosiyidwa pa soketi, nthawi zina diode imodzi ya mu alitaneta, kachipangizo kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha, ikapsa imabweza moto usiku masana n'kumatchaja ngati palibe kanthu. Ngakhale imeneyo, wamagetsi wodziwa amangosintha mbale ya ma diode kapena regulator, sikuti mpaka alitaneta yonse.

Koma ine chomwe ndikukayikira kwambiri ndi mawaya, chifukwa zinandichitikirapo. Ndinali ndi Hilux yakale yomwe ndinkanyamulira mbatatesi kuchokera ku Tsangano, chaka chimodzi ndinagula mabatire awiri, m'mawa uliwonse ana a pakhomo ankadziwa kuti asanapite kusukulu ntchito ndi kukankha galimoto ya adadi. Makaniko wina anandiuza alitaneta, wina sitata. Tsiku lina mdala wina wa magetsi a galimoto sanamasule kanthu n'komwe, anangoyika kamita mwendo umodzi pa minus ya batire wina pa chitsulo cha injini n'kunena kuti lizani. Kanawonetsa pafupifupi volt yathunthu, pamene pamayenera kukhala 0.2 kapena 0.3 basi. Anatsata waya wakuda wonenepa uja, wa massa, ena amati earth, mpaka pomwe umamangidwa ku bodi, bawuti yake anaipotoza ndi zala zokha, pansi pake dzimbiri ndi fumbi lofiira, mkati mwa waya mobiriwira. Anapala ndi sandipepa mpaka kuwala, kudula kunsonga, kumanga bwino, galimoto kulira kamodzi. Ndinakhala pa tayala kuwerengera mametikali omwe ndinataya, mutu kuwawa.

Nde onani mitu ya batire lanulo. Muigwire ndi dzanja muyese kuipotoza, ikasuntha ndiye vuto ndi lomwelo. Mabatire a magalimoto ochokera ku Japan alipo a mitu yaing'ono ndi a mitu yaikulu, aja olembedwa B24 mitu yake ndi yowonda pomwe D23 ndi yonenepa, ndiye ogulitsa ena akakupatsa losagwirizana amangokhomerapo msomali kapena kachitsulo kuti ligwire, pa msewu wa mabampu wa ku Furancungo zimenezo sizichedwa kukhwepa. Chilembo cha L kapena R kumapeto chimanena mbali yomwe kuli mitu, musachinyozere, waya wokoka mokakamiza amaduka mkati. Ufa woyera uja umamera pa mitu tsukani ndi madzi osungunulira soda yemwe amayi amathira mu therere, pukutani, mangani, pakani Vaseline pamwamba. Batire limangidwenso ndi chitsulo chake lisamadumphe, kugwedezeka kumathothola ma plate mkati. Lamba wa alitaneta nayenso mumuone, akamalira tswii m'mawa kapena mukayatsa magetsi ndi AC ndiye kuti wakhwepa. Muyesenso choncho, magetsi onse, AC, injini muikweze pang'ono, nambala ikhalebe pamwamba pa 13.

Chonde chonde wina asakuuzeni zochotsa waya wa batire injini ili kulira ati kuona ngati alitaneta ikugwira. Zinkatheka pa magalimoto akale opanda kompyuta, pa Ractis moto ukhoza kudumpha n'kuwotcha kompyuta ya injini, mtengo wake mulira. Pomasula yambani ndi minus, pomanga minus ikhale yomaliza, sipanala ikagunda bodi muli pa plus minus isanachoke zimathetheka zoopsa. Ngati lanu ndi la zitsekero, madzi akatsika thirani madzi a batire ogula aja, osati a pa mjigo, asidi ayi.

Funso langa kwa inu, kodi batireli simumalitsitsa madzulo kukayatsira TV kapena kutchajira mafoni kunyumba? Ambiri kwathu kuno timatero magetsi akathima, koma batire la galimoto silinapangidwire kutsitsidwa mpaka pansi, kangapo kokha latha ntchito. Komanso ngati masiku ambiri mumangoyenda kuchoka kunyumba kufika pamsika n'kuzimitsa, alitaneta siipeza nthawi yobweza moto womwe sitata yatenga.

Mawa m'mawa yezani manambala atatuwo, lisanalire, pomwe likulizidwa, ndi pakati pa minus ndi injini, mulembe pompano tione limodzi.