Kuphiri kapena kumalo a mpingo? Yankho kwa mayi amene mlongo wake wamira mu kachasu

Mayi wina wandilembera imelo za mlongo wake wa zaka 34. Akuti amayamba kachasu m'mamawa, ntchito yowotcherera zitsulo inatha, mkazi anabwerera kwawo ndi ana. Abusa akuti apite naye kuphiri akasale kudya masiku 21 kuti chiwanda cha mowa chituluke. Amalume akuti ayi, kuli bwino malo a mpingo osungirako abambo ofuna kusiya mowa. Funso lawo ndi lakuti amvere ndani.

Achemwali, ndiyambe ndi chimene chingathe kupha alongo anu sabata yomweyo. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri sayenera kusiya mwadzidzidzi popanda achipatala. Pakangotha maola 6 mpaka 24 asanalawe, manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, kusanza, tulo osabwera. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyambirira. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi, ena mutu umasokonekera, amaona njoka ndi tizilombo pakhoma, mtima uli thithithi. Madokotala amati delirium tremens, ndipo imapha. Tsono taganizani munthu wotereyu ali paphiri, m'mimba mulibe kanthu, anthu amuzungulira akufuula kuti "chikutuluka!" pamene thupi likulephera. Kuchipatala amamupatsa mankhwala ngati diazepam oletsa kugwako, ndi vitamini B1 woteteza ubongo, mpaka masiku oopsawo adutse. Yambirani kumeneko: chipatala chachikulu cha m'boma lanu, Zomba Mental Hospital, kapena St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. A St John of God ndi a Katolika, amapemphera, komanso amapereka mankhwala. Abusa anu muwauze zimenezo mwaulemu, ndipo muwapemphe adzapemphere pambali pa bedi.

Amalume anu ndiye ali pafupi ndi zoona, kungoti adumpha gawo loyambali. Kuchotsa mowa m'thupi n'kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Chovuta ndi kudzuka Lolemba wopanda ntchito, wopanda mkazi, anzako onse ali kwa mayi wotcheza kachasu. Apa m'pamene malo a chipembedzo oyendetsedwa bwino amathandiza kuposa jakisoni.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Fazenda da Esperança, imene inayamba mu 1983 ku Guaratinguetá m'dziko la Brazil, ndipo inafika kale ku Dombe ku Mozambique. Mwamuna amakhalako miyezi 12, ndipo amalemba yekha kalata yopempha malo, sachita kukokedwa. Moyo wake ndi wa zinthu zitatu: ntchito ya manja, kukhala ngati banja ndi anzake, ndi Mawu a Mulungu. Palibe zozizwitsa za usiku umodzi. Pali kulima, kuphika, kukangana ndi mnzako n'kupepesana, ndiponso kuona munthu amene anafika akunjenjemera miyezi isanu ndi itatu yapitayo lero akutsogolera anzake kumunda. Mwamuna amene sangamvere mlongo wake, ngakhale abusa amene sanalawepo dontho, amatchera khutu kwa mnzake amene anagonapo m'ngalande. Ndi mfundo yomweyo imene Bill Wilson ndi Dr Bob Smith anayambira Alcoholics Anonymous, gulu la anthu ofuna kusiya mowa, ku Akron m'dziko la America mu 1935: chidakwa chothandiza chidakwa chinzake, onse atavomera kuti mwa okha alephera ndipo akufunika mphamvu yowaposa.

Koma si malo onse okhala ndi mtanda pageti amene ali abwino. Pitaniko nokha musanalipire kalikonse. Funsani ngati pali namwino kapena dokotala amene amabwera, ndiponso chimene amachita munthu akagwa usiku. Ngati alongo anu amamwa ma ARV, mankhwala a TB kapena a matenda a maganizo, ndipo wina akuti awataye chifukwa chikhulupiriro n'chokwanira, tembenukani pomwepo. Chimodzimodzi mukaona unyolo, zikwapu, chipinda chotsekera anthu, kapena akakana kuti mulankhule ndi okhalamo panokha. Ine ndimakayikiranso aliyense wolonjeza kuti onse amachira. Bungwe la NIDA la ku America, lofufuza za mankhwala osokoneza bongo, limati mwa anthu 100 olandira chithandizo, 40 mpaka 60 amadzayambiranso. Malo oona mtima amakuuzani zimenezi, n'kukuuzaninso kuti woyambiranso amamulandira bwanji.

Simunanene ngati iwo eni akufuna kusiya. Afunseni m'mawa asanamwe, inu ndi amalume basi, osati pabwalo la abale onse ngati mlandu. Akakana, musawamange, lekani kuwalipirira ngongole za mowa, koma nsima muziwapatsa. Akavomera, yambani lero kuganiza za tsiku lobwerera: adzagona kuti, makina owotcherera adzawapeza bwanji, ndi bambo uti wa kumpingo amene adzawayendera sabata iliyonse. Za alamu anu musawakakamize kubwerera msanga. Aone okha miyezi ingapo ya munthu wosaledzera, ndipo ngati panali kumenyedwa, chisankhocho ndi chawo.