Kodi nyumba yachifundo izikweza ndalama zolipira?

Mayi wina wandilembera imelo. Angosankhidwa kumene kukhala m'bodi ya nyumba yosamalira okalamba, ya bungwe lachifundo, ndipo pamsonkhano woyamba apeza anzawo akukambirana zokweza ndalama zolipira. Akufunsa kuti, "Si paja ife sitifuna phindu? Nanga tikusiyana pati ndi abizinesi?"

Mayi, funso lanuli landikhudza, chifukwa ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya zachuma pachipatala chotere. Pakhoma panali mawu okoma: chifundo, ulemu, kutumikira. Koma mwezi ukatha anamwino ankafika pakhomo la ofesi, osalankhula kanthu, kungoima. Malipiro achedwanso. Akuluakulu ankangoti, "Ntchito ino ndi maitanidwe." Namwino wina wausiku ankathira mapilitsi opha ululu m'dzanja n'kumawerenga, kuti aone ngati afike m'mawa, kenaka n'kusankha wodwala woti apirire. Ankalira yekha m'chipinda chosungira mankhwala. Ogulitsa mankhwala anali atatikaniza ngongole, pomwe ife tinkanyadira kuti sitinakwezepo mtengo.

Ndiye ndinene mosabisa: bungwe lolipira antchito ake ndi mawu akuti maitanidwe silachifundo ayi. Langochotsa mavuto pamsana pa wodwala n'kuwasenzetsa womusamalira. Ndipo wotopa, wanjala, wangongole, sangatembenuze gogo pabedi maola awiri alionse kuti asachite zilonda.

Kusafuna phindu sikutanthauza kutha chaka m'thumba muli mbee. Kumatanthauza kuti zotsala sizigawidwa kwa eni kapena a bodi, zimabwerera kuntchito. Taonani chipatala cha maso cha Aravind ku Madurai, m'dziko la India. Dr Govindappa Venkataswamy anachiyamba mu 1976 ndi mabedi 11 okha. Amene angathe amalipira, ndalama zawozo n'kulipirira opaleshoni ya ng'ala ya osauka, ndipo madokotala ake ndi omwewo. Olipira amagona chipinda chabwinoko, koma diso limasamalidwa chimodzimodzi.

Chisamaliro chenicheni n'chodula. Cicely Saunders, dokotala amene anatsegula St Christopher's, nyumba yosamalira odwala otsala pang'ono kumwalira, ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene watsala pang'ono kumwalira suli m'thupi mokha, ulinso m'maganizo, mumzimu ndi m'banja. Ankatinso mankhwala aziperekedwa pa nthawi yake, osadikira kuti wodwala ayambe kubuula. Zonsezi zimafuna namwino wokhala ndi mpata wokhala pansi n'kumvetsera. Mpata umenewo ndi malipiro a namwino wachiwiri.

Apa ndakumbukiranso Jeanne Jugan wa ku France, amene mu 1839 ananyamula gogo wosaona n'kukamugoneka pabedi lake lomwe, chiyambi cha gulu la masisitere osamalira okalamba osauka la Little Sisters of the Poor. Patangopita zaka zochepa wansembe wina anamuchotsa pa utsogoleri, mpaka kumadziwika ngati woyambitsa gululo ndi wansembeyo. Mtima wabwino wokha suteteza bungwe kwa munthu wokonda mpando. N'chifukwa chake sindikhulupirira nyumba imene mkulu wake safunsidwa mafunso, ngakhale akhale wopemphera chotani. Kawirikawiri ndi kumeneko kumene ndalama zimene wopereka anati n'zamankhwala zimakagula galimoto, aliyense n'kungoti zii poopa kuoneka wosayamika.

Tsono pamsonkhano wotsatira

Musakane kukwezako, musavomerenso msanga. Funsani kuti ndalama zoonjezerazo zipita kuti, ndipo zilembedwe. Funsani kuti gogo amene alephere kulipira zimuthera bwanji. Ngati yankho lili lakuti achoke, pamenepo imani nji. Pemphani lipoti la wofufuza mabuku wakunja, muone ngati pali ndalama zosungira zokwanira malipiro a miyezi ingapo. Wa m'bodi amene m'bale wake amagulitsa katundu kunyumbako azituluka nkhani imeneyo ikamakambidwa. Ndipo mukapiteko usiku, osawadziwitsa, mukawerenge kuti osamalira alipo angati pa okalamba angati.